Misomali Inayi ya Katole

Lachiwiri, 3 Juni

Achemwali,

Loweruka lapitali ndinakonza pashelefu m'shedi mwanga, ndipo vuto linayambira pamenepo. Koma ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko? Alamu chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu watenga khanda ndi Katole, apita kwa amayi ake, abwera Lamlungu chifukwa sukulu itsegulira Lolemba. Ndatsala ndekha ndi makina owotcherera.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni yanga inagwera m'ndowa, ndipo ya amayi oyandikana nafe ukabwereka, eni ake amaima pomwepo ngati akukuthandiza kuigwira. Ndapatsira adalaivala a lole ya simenti, aja amadutsa pasitolo panu Lachiwiri ndi Lachisanu.

Ndikupempha misomali inayi. Ya inchi ziwiri, yowonda, ya mutu waung'ono. Kuno kuli ya inchi zitatu ndi zinayi basi. Inu mumagulitsa misomali tsiku ndi tsiku, mukuidziwa. Koma ikhale yakale. Iwiri ikhale ya dzimbiri lambiri, ngati ija imagwera kuseri kwa kauntala n'kunyowa pokolopa. Iwiri ikhale yoyera. Chonde musatenge yatsopano. Ndi za kusukulu kwa Katole. Zambiri musandifunse.

Ifike Lachisanu lino. Ikafika Lachiwiri ikhala yopanda ntchito.

Ndine mlongo wanu,
bambo a Katole

Lachisanu, 6 Juni

Iwe mlongo wanga,

Tili bwino. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachitatu ndinawerengera alamu ako, anaseka mpaka chifuwa chinabwerera. Akuti chiyambire sanamvepo munthu woitanitsa dzimbiri kuchokera m'tauni.

Ine ndakumva, usaganize kuti sindikudziwa. Ndinakubereka kumsana, ndimadziwa ukamazungulira. Kusukulu auza makolo kuti atumize misomali yokonzera madesiki, mwezi uno ntchito yavuta, ndiye ukuchita manyazi kundipempha yatsopano. Ndiye wati bola upemphe zinyalala kuti ndisawononge ndalama. Iwe! Munthu wa zitsulo, utumize mwana kusukulu ndi misomali ya dzimbiri? Aphunzitsi akamva kuti azakhali ake amagwira ntchito m'sitolo ya zomangira nyumba aziti timagulitsa chiyani?

Ndakutumizira theka la kilo, inchi ziwiri monga unanenera, koma yokutidwa ija yonyezimira. Imeneyo ngakhale uiviike m'madzi chaka chathunthu sichita dzimbiri. Katole akapereke monyadira. Makrayoni ali m'pepalamo ndi akenso, usawatenge kukalembera zitsulo zako.

Undiuze, khanda latuluka mano? Ndipo ukasowa chinthu uzingonena. Ine si bwana wako, ndine mlongo wako.

Achemwali ako

Lachiwiri, 10 Juni

Achemwali,

Moni. Misomali inafika, makrayoni anafika, zikomo. Khanda lilibe mano, likungotuluka dovu. Musandiyese wosathokoza, koma nditatsegula phukusi lanu ndinakhala pansi. Misomaliyo ndi yabwino kwambiri, ndiye vuto lake. Wolakwa ndine, ndinakubisirani. Tsopano ndinena zonse. Muwerenge nokha, alamu asamve.

Aphunzitsi a Katole ndi mayi wachitsikana amene wabwera chaka chino. Sayansi saphunzitsa ndi choko chokha. Amauza ana atole mabotolo, zivindikiro, makatoni, timachubu ta mapeni otha, n'kumapanga nazo zinthu. Dzina loti Katole munamupatsa ndinu chifukwa chotolatola, ndiye wapeza aphunzitsi apamtima pake. Ana anagawidwa m'magulu, iyeyu anaikidwa mtsogoleri wa ana asanu. Gulu lawo linapatsidwa misomali inayi ndi mabotolo anayi olembedwa A, B, C, D. Kalasi yawo ilibe loko, ndiye pa tchuthi cha sabata imodzi mabotolo anabwera kwathu. Zonsezi ine ndazidziwa mochedwa. Za kusukulu sindimufunsa mwanayu. Ndimaopa angandiyankhe zoti sindimva.

Popita kwa agogo ake anati, "Ababa, mundisamalire mabotolo anga, ali pashelefu." Loweruka ndinawaona. Awiri munali madzi ofiira, misomali ikudyeka ndi dzimbiri. Lina munali mafuta ophikira, ndinati apa pokha mwana waganiza. Lina munali thonje. Achemwali, chiyambire ubwana ntchito yanga ndi kulimbana ndi dzimbiri. Maso akaliona, manja amayamba okha. Ndinaganiza kuti watola misomali kuti ndimukonzere kampando kake kokhalira polemba, kamene kakhala kakugwedera kuyambira Malichi, kungoti sadziwa kasungidwe ka misomali. Ndinataya madzi, ndinatsuka mabotolo, misomali ndinapala ndi sandipepa mpaka mbee. Kenaka ndinakhomera kampando, mwendo uliwonse msomali wake, nsonga n'kupinda kunsi kuti zisamung'ambire diresi. Ndinakondwa. Ndinati akabwera adabwa.

Lolemba ndikusuntha katoni ndinapeza kope lake. Chingerezi sindinamve, koma zithunzi ndinamva. Tsamba lililonse tsiku lake, misomali inayi yojambulidwa, dzimbiri lopakidwa ndi krayoni, likuchuluka tsiku ndi tsiku, pansi pake aphunzitsi asayina. Masamba khumi ndi limodzi. Dzimbiri lija ndiye inali ntchito yake. Ndinapala sukulu ya mwana wanga ndi sandipepa.

Yanu itafika yosachita dzimbiri, ndinachita choipa chachiwiri, ndipo ichi ndinachita ndikudziwa. Ndinatola misomali yakale kuseri kwa shedi, ndinaidula ndi sowo kufika inchi ziwiri, ndinaisongola ndi tupa, mitu n'kuichepetsa. Ndinatsata zithunzi: A ndi B madzi, C mafuta, D thonje. Ndinabweza pashelefu.

Lamlungu Katole atafika anathamangira m'shedi asanavule nsapato. Anayang'ana mabotolo nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa kampando, kanakana kugwedera. Anapisa dzanja kunsi, ndinaona chala chikuyenda pa nsonga zopinda zija. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chitseko chimene ndimawotcherera.

Dzulo anapita nawo kusukulu. Zimene zinachitika ndamva kwa amayi a foni aja, mwana wawo ali kalasi imodzi, ndipo anafotokozera mlamu wanu mokweza kuti mzere wonse wa nyumba umve. Akuti tsiku loyamba la ntchitoyi ana anagoneka misomali papepala n'kuizungulira ndi pensulo. Aphunzitsi atagoneka yanga pamenepo, inali yonenepa. Akutinso m'botolo B munayenera kukhala madzi a mchere. Anadonthetsa pa chivindikiro, anaika padzuwa, madzi atauma panalibe mchere. Anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Katole anati, "Ndine." Amuchotsa pa utsogoleri. Amuchotsanso pa ana amene adzaonetse ntchito zawo kwa makolo pa 27 mwezi uno. M'kope mwake alemba ndi cholembera chofiira mawu amene akuti akutanthauza chinyengo. Ana ayamba kumutcha Kabodza.

Amayi ake anamukalipira pakhomo pa shedi. Anati, "Bambo ako amapsa manja ndi moto kuti uphunzire, iwe ukukachita ukamberembere!" Ine ndinatsitsa chigoba chowotcherera kumaso. Makina anali ozima.

Ndithandizeni nzeru. Kodi m'tauni kulibe mankhwala ochititsa dzimbiri msanga? Kapena inu mulembe kalata ya Chingerezi kwa aphunzitsi, yoti mabotolo anagwetsedwa ndi mphaka. Ine ndisayina.

Mlongo wanu

Lachiwiri, 17 Juni

Achemwali,

Moni. Lachisanu ndinadikira lole pamsewu, adalaivala anangotukula manja kuti palibe kanthu. Mwina mwadwala. Mwina mwakwiya. Ngati mwakwiya nenani, kukhala chete kwanu kukundidya kuposa kukalipa.

Musaganize kuti ndangokhala. Kusukulu ndapitako kawiri. Lachitatu ndinavala malaya a kolala, ndinafika pageti. Ndinamva ana akubwereza mawu pamodzi m'kalasi, fungo la choko linandipeza pomwepo. Mukukumbukira Sitandade 3, aphunzitsi aja ankandiimika kutsogolo kuti ndiwerenge, ana n'kumandiyeseza chibwibwi? Ndinaona ngati ndi dzulo. Ndili chiimire ndinaona kuti hinjesi ya pansi ya geti yathyoka. Ndinabwerera kunyumba.

Lachisanu ndinapitanso, ulendo uno ndi makina pa wilibala. Ndinati ndiwotcherere geti ulele, mtima ukhazikike, ndiye ndilowe. Ndinagwira ntchito yabwino, tsopano likutseka ndi chala chimodzi. Ahedi anatuluka, anandigwira chanza, anati makolo onse akanakhala ngati ine sukulu ikanapita patali. Nthawi yomweyo anadutsa aphunzitsi a Katole, atanyamula katoni ya mabotolo. Ndi wamng'ono kwa ine, Achemwali, koma ndinavula chipewa.

Anati, "Ndinu bambo ake a mwana uja? Ndimafuna tidzakhale pansi. Ndi mwana wanzeru, koma wayamba njira yoipa. Akanangonena kuti mabotolo anatayika, sindikanamulanga. Chimene chandipweteka ndi kundinamiza. Kunyumba mumuthandize."

Ine ndinati, "Chabwino madamu, timuthandiza."

Ndi zimene zinatuluka m'kamwa mwanga. Ndinakankha wilibala kubwerera.

Katole sakutolanso kanthu. Dzulo tikuchokera kogula makala tinadutsa botolo labwinobwino la chivindikiro chake, analilumpha. Akudya pang'ono. Homuweki akulembera pansi, kampando sakukhalapo. Ine akundipatsa moni bwinobwino, madzi osamba akunditengera, ndiye zikundipweteka kwambiri.

Ndaganiza kuti mwina ndimusamutse sukulu temu ya mawa, akayambe kwina kumene sakumudziwa. Mundiuze maganizo anu. Muli kakalata kake muno, akuti kothokoza makrayoni. Wamata yekha ndi selotepi, sindinatsegule.

Mlongo wanu

Lolemba, 16 Juni

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Zikomo makrayoni. Wofiirira ndi amene ndimafuna koma panopa sindikumugwiritsa ntchito.

Azakhali ndikuuzeni chinsinsi koma musauze munthu. Kusukulu akuti ndinanama. Sindinasinthe misomali ine. Ndi ababa. Anakhomera kampando kanga. Sanadziwe, ankafuna kundikonzera. Ina ija anaisongola bwino kwambiri, anzanga sanaone, anaona ndi madamu okha.

Sindinanene chifukwa m'kalasi mwathu muli mtsikana wina amati bambo ako sadziwa kuwerenga, amasayina ngati nkhuku yapalasa. Ndikanena kuti ndi ababa aseka onse. Bola azinditcha Kabodza, adzatopa.

Chimene chikundiwawa ndi choti botolo B linatsala pang'ono kupambana A ndipo sindinaone mapeto ake.

Musawauze ababa kuti ndikudziwa. Akuganiza kuti sindikudziwa.

Ndine mwana wanu,
Katole

Lachisanu, 20 Juni

Mlongo wanga,

Sindikudwala. Lachisanu lija kalata ndinalemba, masamba awiri, koma ndinaing'amba lole isanafike. Munali mawu oti sukanawaiwala mpaka ukalamba.

Mankhwala a dzimbiri kulibe, ndipo akanakhalako sindikanakutumizira. Kalata ya mphaka sindilemba. Mphaka wake uti wodziwa kusongola misomali ndi tupa? Za kusamutsa mwana usazitchulenso. Wolakwa ndiwe, wosamuka akhale iye?

Kakalata kake ndakubwezera, kali m'kati mwa iyi. Anandipempha kuti ndisauze munthu, ndipo ndikumuphwanyira chinsinsi ndikudziwa. Ndidzamupepesa ndekha ndikabwera. Uwerenge pang'onopang'ono monga umawerengera, palibe akukuthamangitsa. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wanyamula manyazi ako masabata awiri, akupita nawo kusukulu m'mawa uliwonse, iwe ukukonza mageti.

Nanenso sindikulemba ngati woyera. Ndinakuseka ndi alamu ako m'malo mokufunsa kuti dzimbiri ukulifuniranji. Ndipo za Sitandade 3 ndikukumbukira bwino. Ababa atamwalira, amalume anati mmodzi apitirize sukulu, wina akathandize ku shedi. Ndinadziwa kuti ukuvutika m'kalasi, ndinakhala chete, anasankha ine. Chingerezi chimene ukuti ndikulembere kalatacho ndinachipeza choncho. Sitinakambepo zimenezi, ndipo sindikufuna uyankhe. Ndangoti udziwe kuti kukhala chete ndikukudziwa kukoma kwake, ndi zimene kumasiya pambuyo.

Uyambe ndi mlamu wanga, umuuze lero lomwe. Lolemba upite kusukulu. Usatenge makina. Usayang'ane geti, denga kapena mawindo. Ulowe.

Achemwali ako

Lachiwiri, 24 Juni

Achemwali,

Moni. Kalata zonse ziwiri ndinawerenga m'shedi, ya mwana ndinawerenga katatu. Mlamu wanu ndinamuuza tsiku lomwelo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Tsiku lija ndimamukalipira, inu munali pomwepo?" Ndinati eya. Anatenga khanda n'kulowa m'nyumba. Mpaka lero akundiyankha mawu amodziamodzi.

Dzulo ndinapita. Katole ananyamuka yekha m'mawa, ine ndinatsatira nthawi ya buleki. Geti sindinaliyang'ane. Aphunzitsi ndinawapeza pakhonde akudula mabotolo ndi sizasi. Ndinanena zonse, mofulumira, maso ali pa nsapato zawo.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Bambo, ndikumva chisoni chanu. Koma ndinu kholo lachitatu temu ino kubwera kudzasenza mlandu wa mwana. Wina anati ndi iye anang'amba kope, wina anati ndi iye anabisa rula. Mukamuteteza chonchi simukumuthandiza."

Achemwali, masabata awiri ndakhala ndikuopa kuti andiseka. Zoti sandikhulupirira sindinaziganizepo. Ndinati, "Madamu, mundidikire." Ndinathamanga kunyumba, ndinatenga kampando ndi pulayala, ndinabwerera nditakasenza pamutu. Ndinapeza buleki yatha, ana alowa. Ndinagogoda. Aphunzitsi anati tikambire panja, ine ndinati ayi, dzina la Kabodza lija analipatsidwira muno.

Ndinalowa. Ana makumi asanu ndi kanthu, onse anaimirira kundipatsa moni wa Chingerezi, ine osadziwa poyankha. Kumbuyo wina anayamba kuseka. Katole anali pa desiki yachiwiri, anaika mutu pa mikono. Ndinatembenuza kampando pa tebulo la aphunzitsi, ndinawongola nsonga, ndinazula misomali umodziumodzi. Wachitatu unandivuta. Mwendo umodzi unagwa pansi, kalasi yonse inaphulika.

Aphunzitsi anangokweza dzanja, kunati zii. Anaitanitsa kope la Katole, anatsegula tsamba loyamba, anagoneka msomali pa chithunzi chozungulira ndi pensulo chija. Unali wokhota kunsonga, koma kunenepa kwake ndi mutu zinalowa ndendende. Anayesa inayi yonse.

Ndinatembenukira kwa ana. Zimene ndinakonza kunena zinathawa, chibwibwi chija chinabwera, chimene ndinaganiza kuti chinatha kalekale. Ndinati, "Mnzanuyu sa-sanasinthe misomali. Ndine. Ndinaona dzimbiri, ndinapala, sindinadziwe kuti ndi sukulu. Kenaka ndinaika ina kuti ndibise. Wabodza ndine." Kamtsikana kena kutsogolo kanakweza dzanja ngati kakuyankha funso, kanati, "Nanga bwanji simunangomufunsa?" Ndinayang'ana pulayala.

Aphunzitsi anatenga cholembera chofiira chomwe chija, anakhwatcha mawu aja m'kope, anasayina pambali. Anati, "Ndinaweruza msanga, pepa mwana wanga. Koma nawenso unandiuza zosaona pamene unati ndiwe. Ndamva chifukwa chake, usadzabwerezenso." Anauza kalasi kuti amene atchulenso dzina lija akasesa bwalo sabata yathunthu. Utsogoleri akuti sangaulande kwa mwana amene anamupatsa, sanalakwe kanthu. Koma pa 27 Katole adzaima ndi gulu lake. Ayambiranso ndi misomali ina, masiku anayi okha, dzimbiri lidzakhala lochepa poyerekeza ndi la magulu ena. Masamba khumi ndi limodzi aja apita. Zimenezo sindingawotcherere.

Ndinadikira panja pa mpanda mpaka anaweruka. Ana ankadutsa n'kumandiloza, wina anayeseza "sa-sa-sanasinthe". Ndinamva bwinobwino. Katole anatuluka kumapeto, maso ofiira. Anandidutsa osaima. Ndinamutsatira ndi kampando ka miyendo yoguluka m'khwapa, iye patsogolo, ine pambuyo, mpaka pa mjigo.

Pamenepo anaima, osatembenuka, anati, "Azakhali anakuuzani."

Ndinati, "Anandiuza. Koma ndinadziwa kale tsiku lija unapisa dzanja kunsi kwa kampando."

Anati, "Ndiye munangokhala chete?"

Ndinati, "Ndinangokhala chete. Pepa, mayi."

Sanayankhe kuti wakhululuka, ndipo sindinamukakamize. Tinayenda. Pafupi ndi shedi ndinalimba mtima. Ndinati, "Ine ndimapaka mafuta pa chitsulo tsiku lililonse, ndimadziwa kuti amateteza. Koma chifukwa chake sindidziwa. Amalume sanandiuze, ankangoti paka." Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikumuseka. Kenaka anati dzimbiri silibwera ndi madzi okha, limafuna madzi ndi mpweya pamodzi, ndiye mafuta amatseka njira kuti ziwirizo zisafike pa chitsulo. Ndinafunsa kuti nanga m'madzi mpweya umalowa bwanji. Anapumira m'mwamba ngati munthu wamkulu, anaika chikwama pansi, anatola kamtengo n'kuyamba kujambula botolo pa dothi. Amayi a foni aja anali pakhonde pawo, akuona zonse. Ndinagwada pomwepo kuti ndione bwino.

Ndinamva theka lokha. Ndinamuuza kuti ndamva theka lokha. Anafufuta ndi phazi n'kuyambiranso.

Ndine mlongo wanu,
bambo a Katole